Nyumba Yodikira Maliro

Kanjiwa anayamba kulikonda zenera lija asanaligwire n'komwe. Ankaliona pafoni basi. Lamlungu lililonse masana, mwamuna wake ankamuimbira pavidiyo ali pabalaza pa fulati yomwe anagula kunja, n'kumatembenuza foni pang'onopang'ono ngati munthu woonetsa mkwatibwi kwa alendo.

Zeneralo linali lalitali, loyambira kudenga mpaka m'mawondo. Kunja kwake kunkaoneka madenga a nyumba zina, mtengo umodzi wopanda masamba, ndi nsanja ya wotchi yomwe mivi yake sinkayenda. Dzuwa likapendeka, kuwala kunkatayikira pa matabwa a pansi ngati uchi.

“Taona, Kanjiwa,” mwamunayo ankatero. “Makina ako adzakhala apa. Uzidzasoka mzinda wonse uli kunsi kwa mapazi ako.”

Kanjiwa anali telala. Dzina loti Kanjiwali anamupatsa ndi mwamuna wakeyo adakali pachibwenzi, chifukwa akamasoka ankang'ung'udza kanyimbo kapansipansi. Mwamunayo achibale onse ankamutchula kuti Adokotala, poti pa zithunzi zomwe ankatumiza ankavala zoyera. Kanjiwa yekha ndiye ankadziwa zoona zake. Mwamunayo ankagwira ntchito kunyumba yosungirako okalamba. Ankawasambitsa, kuwatembenuza pabedi ndi kuwadyetsa ndi supuni. Kanjiwa sankachita nazo manyazi. Manja amenewo ndi omwe anamukopa poyamba.

Kuti fulatiyo igulidwe, Kanjiwa anagulitsa shopu yake, makina ake ndi malo omwe malemu bambo ake anamusiyira. Mkulu wake anayesetsa kumuletsa.

“Nyumba yogula pafoni? Mphwanga, ngakhale nkhuku timayamba tainyamula m'manja tisanagule.”

“Achemwali, alamu anu ali komweko. Ndiwo maso anga.”

“Chabwino. Koma mkuyu umakoma kunja.”

Panali tinthu tina tomwe Kanjiwa sanamuuze mkulu wakeyo. Pabalaza paja panali zitseko ziwiri, choyera ndi chobiriwira, ndipo foni ikafika pamenepo inkathamanga. Choyeracho, mwamuna wake ankati ndi cha kuchipinda kwawo ndipo akupentako, adzaone yekha akafika. Chobiriwiracho ankati kiyi wake anasowa. Tsiku lina Kanjiwa anamva munthu akutsokomola, ndipo anauzidwa kuti ndi oyandikana nawo, makoma a kumeneko ndi opyapyala. Tsiku linanso anaona nsapato zing'onozing'ono zachikazi pansi pa mpando. Koma sanafunse. Anaopa kuti akafunsa, zenera lija lisweka.

M'malo mwake anauza mwamuna wake kuti ayeze zeneralo ndi tepi, iye akuonerera. Kenako anagula nsalu yachikasu n'kusoka makatani pa makina obwereka. M'mphepete mwa m'munsi anapetamo ndi manja timbalame ting'onoting'ono, tonse tikuulukira mbali imodzi. Posoka ankamvetsera maphunziro a chinenero cha dziko lija pafoni, n'kumabwereza mawu ake mpaka lilime linayamba kuzolowera. Ponyamuka, makataniwo ndi omwe anayamba kulowa m'sutikesi.

Pabwalo la ndege mwamuna wake anamukumbatira nthawi yaitali, mopitirira muyezo. Anali ataonda. Kunja kunkazizira moti mano ankapweteka. Anakwera basi, kenako ina, ndipo Kanjiwa ankasuzumira pawindo kufunafuna nsanja ya wotchi. Koma basiyo inawasiya kuseri kwa nyumba ya okalamba ija. Anatsika masitepe n'kulowa m'chipinda cha pansi pa nthaka, momwe munali fungo la sopo wochapira ndi masokosi onyowa. Munali mabedi atatu. Limodzi linali lotchingidwa ndi bulangeti lopachika pa chingwe.

“Lero tigona muno,” mwamunayo anatero, maso ali pa sutikesi. “Anzangawa ndi anthu abwino. Alowa ntchito ya usiku sabata ino.”

“Nanga kwathu?”

“Penti sanaume.”

Kutacha, penti anali asanaumebe. Tsiku linzake, akuti mpope unaphulika. Kenako mwamunayo anasiya kupereka zifukwa, ankangomupsompsona pamphumi n'kuthamangira kuntchito. Kawindo ka m'chipindamo kanali m'mwamba, molingana ndi msewu, ndipo Kanjiwa ankangoona nsapato za anthu odutsa.

M'mawa wina anavala jasi la mwamuna wake n'kutuluka yekha. Sankadziwa dzina la msewu, koma ankaidziwa nsanja ija kuposa nkhope za achibale ena. Anafunsa mayi wogulitsa maluwa za wotchi yosayenda, ndipo mayiyo anamulozera. Atafika pansi pa nsanjayo, anazungulira mpaka anapeza mtengo uja. Moyang'anizana nawo munali nyumba yosanja yakale, ndipo pamwamba penipeni panali zenera lalitali lopanda katani.

Chikepe chokwerera pamwamba chinali chakufa. Anakwera masitepe akukonza m'mutu mawu oti amuuze mkazi wa nsapato zing'onozing'ono uja. Ankamuona kale m'maganizo: wamng'ono, wa tsitsi lalitali, atavala malaya a mwamuna wake. Anagogoda.

Kunamveka mapazi okhwekhwereza. Chitseko chinatseguka pang'ono. Amene anasuzumira anali mayi wokalamba, wamfupi moti ankamulekeza Kanjiwa paphewa, wa tsitsi loyera ndi maso akuthwa ngati singano. Kumapazi kwake kunali nsapato zija.

Anamuyang'ana Kanjiwa kuyambira kumutu, n'kuimitsa maso pa jasi.

“Jasi limenelo ndikulidziwa,” anatero pang'onopang'ono, kuti mlendoyo amve. “Ndiwe mkazi wa muimba wanga. Lowa. Pepa, sindinafe.”

Kanjiwa analowa ngati akulota. Zonse zinali momwe ankazionera: matabwa, mipando, zitseko ziwiri. Zenera linali pomwepo, lalikulu kuposa la pafoni. 

“Agogo, pepani. Ine ndimayesa kuti nyumba ino tinagula.”

“Munaguladi. Makomawa ndi anu, matabwawa ndi anu, zenera ukulidya ndi masolo ndi lanunso. Sanakuuze?” Agogowo anaseka mpaka kutsokomola, chifuwa chomwe chija cha pafoni. “Ndinagulitsa motsika mtengo, koma pangano lake ndi lakuti ine ndikhala muno mpaka tsiku limene adzanditulutse m'bokosi. Mukufuna kulowa, muzipemphera. Kuno anthu okalamba opanda ana timatero. Umamwa tiyi?”

Kanjiwa sanamwe tiyi. Anatsika masitepe aja osawaona, n'kukamupeza mwamuna wake m'chipinda chochapira zovala kuntchito kwake, akupinda nsalu za pabedi. Makina ochapira ankalira mbali zonse.

“Ndachokera kunyumba kwathu,” Kanjiwa anatero. “Penti wauma. Akutsokomola.”

Mwamunayo anaika nsalu pansi. Anakhala pa dengu la zovala ngati wathyoka msana.

“Ndimati ndikuuze.”

“Liti? Pamaliro?”

“Kanjiwa, tamvera. Mlendo ngati ine, kubanki sandiyang'ana n'komwe. Zomwe tinasonkhanitsa zija sizikanagula ngakhale khonde. Ejenti wa nyumba anandionetsa imeneyi. Tsiku lomwe ndinapita, ndinawapeza mayi aja miyendo itatupa, milomo itada, akupuma ngati sowo yocheka matabwa. Ntchito yanga ndi imeneyi. Anthu otero ndawaonapo ambiri. Ndinadziuza kuti sadzaona masamba atsopano pa mtengo uja, ndipo iwe pofika udzapeza m'nyumba muli mbee.”

“Ndiye chinachitika n'chiyani, Adokotala?”

Mwamunayo anayang'ana manja ake.

“Ndinabwererako kukaona mpope womwe unkadontha. Ndinawapeza asanadye chilichonse, mankhwala onse atawasakaniza m'mbale imodzi, akumwa mongotola. Iwe ukanatani? Ndinawaphikira. Mankhwala ndinawasanja. Lamlungu lotsatira ndinapitanso, kungoti ndikaone. Ndinawasambitsa miyendo. Akagona masana, ndi pamene ndinkakuimbira.”

“Mukutanthauza kuti munawachiritsa nokha.”

“Eya.”

Kanjiwa anafuna kuseka, koma chomwe chinatuluka chinali kulira. Anamumenya pachifuwa ndi zibakera, mwamunayo osadziteteza.

“Malo a bambo anga mwawasandutsa manda a munthu wamoyo! Ndizidzuka m'mawa uliwonse n'kumafunsa ngati nkhalamba yafa? Mwandisandutsa mfiti, amuna anga. Mfiti!”

Koma choopsa chenicheni anachimva ku ofesi yoona za alendo. Chilolezo chomwe Kanjiwa analowera m'dzikomo chinali cha mlendo wodzacheza, ndipo chinkatha pamodzi ndi nyengo yozizira. Kuti apatsidwe chokhazikika, ankayenera kusonyeza nyumba yoti banja lingakhalemo. Chipinda cha pansi chija sichinkawerengedwa. Nyumba ina yalendi sakanaikwanitsa, pakuti zonse zinali zitamira m'makoma a agogo aja. Mayi wa pa ofesipo ananena kuti njira inalipo imodzi yokha: agogowo abwere okha, adzanene ndi pakamwa pawo kuti alola banjali kukhala m'chipinda chimodzi cha fulatiyo. Kupanda kutero, Kanjiwa abwerera kwawo, komwe analibenso shopu, makina kapena malo.

Kanjiwa ndi mwamuna wake anapita kwa ejenti uja, bambo wonenepa wa mphete zambiri, yemwe anawalandira ndi maswiti.

“Musadandaule, mayi,” anatero mokoma mtima. “Chaka chino kukuzizira kwambiri. Pa malonda a mtundu uwu, chisanu chimatithandiza.”

Kanjiwa analavulira switi m'dzanja lake.

Lamlungu lotsatira anapita onse awiri kwa agogo aja. Kanjiwa anagwada pa matabwa monga anaphunzitsidwira kwawo, n'kupempha chipinda cha chitseko chobiriwira.

“Dzuka, ukundipukutira fumbi ndi mawondo,” agogowo anatero. “Ndigone denga limodzi ndi anthu amene adzasangalale ine ndikafa? Tulo ndizitipeza kuti? Tiyi aliyense ndizimununkhiza kaye? Ayi. Mwamuna wakoyu ndimamulola chifukwa amabwera n'kupita. Ndipo chipinda chimenecho chili ndi mwini wake.”

“Ndani, agogo?”

“Si za iwe.”

Kanjiwa akanatha kusiyira pomwepo. Koma chipinda cha pansi chija chinkamutsamwitsa, ndipo mumzinda wonsewo anthu omwe ankawadziwa anali awiri okha. Anayamba kupita kwa agogowo masana, mwamuna wake ali kuntchito. Poyamba ankadziuza kuti akukawafewetsa mtima. Kenako anaona kuti madiresi awo onse ankawakhuthukira, pakuti matenda anali atawadya thupi. Anabweretsa singano ndi ulusi, n'kukhala pansi pa zenera lija kumawabweza limodzilimodzi.

Agogowo pa utsikana wawo ankagulitsa matikiti pa siteshoni ya sitima, ndipo lilime lawo linali likadali la pakawindo ka matikiti.

“Wabweranso kudzandiyeza? Yeza bwino, bokosi lisadzandithine m'mapewa.”

“Imikani manja, agogo. Mukayankhulanso ndikubayani.”

“Waona? Ndinanena ine.”

Masiku ena ankaseka mpaka misozi. Koma panali chinthu chomwe Kanjiwa sankachiuza munthu. Nthawi iliyonse akafika pa sitepe yomaliza, ankaima n'kutchera khutu asanagogode. Kukakhala zii, mtima wake unkadumpha, ndipo sankadziwa ngati ukudumpha ndi mantha kapena ndi chiyembekezo. Akamva nsapato zija zikukhwekhwereza, ankapuma, kenako ankadzida.

Tsiku lina anabwera ndi makatani aja, kuti angowayesa pa zeneralo kamodzi kokha.

“Achikasu!” agogowo anafuula. “Ngati mazira okazinga. Usapachike zimenezo. Zenera limeneli silivala kanthu. Ndimafuna ndiziona amene akubwera mu msewu.”

“Mukudikira ndani?”

Agogowo anakoka mphepete mwa katani n'kuyamba kusisita timbalame tija ndi chala, kamodzikamodzi.

“Ndinakuuza kuti ndilibe ana. Ndinali naye mmodzi. Anali wamakani ngati iwe. Anatsatira mwamuna kudziko lina, atanyamula sutikesi imodzi. Anati adzabwera mtengo uwo ukadzaphuka. Unaphuka, unayoyoka, unaphukanso. Poyamba ankaimba foni. Kenako ayi.” Analoza chitseko chobiriwira ndi chibwano. “Zinthu zake zili momwe anazisiyira. Sindikudziwa ngati kumene anapitako anapeza womutsegulira chitseko.”

Kanjiwa anati atsegule pakamwa, koma agogowo anamudula.

“Usandiyang'ane choncho. Sindinasinthe maganizo. Chotsa mazira akowa.”

Chisanu chinayamba kuchepa. Pa nthambi za mtengo uja panatuluka timatuza tobiriwira, ndipo Kanjiwa akationa ankamva ngati tikumuthamangitsa. Mwamuna wake anasiya kuyankhula zambiri. Anayesa kupempha bwana wake chipinda chabwino, anayesa kwa anzake opemphera nawo, koma kulikonse ankangomuuza kuti pepani. Kanjiwa anayamba kulongedza sutikesi. Anapita kukawauza agogo aja kuti mwezi ukatha anyamuka.

Agogowo anangoti, “Oo.” Anayang'ana kunja nthawi yaitali. Pamene Kanjiwa ankavala jasi kuti azipita, anamuitana.

“Ubwere Lachisanu m'mawa. Uvale zooneka bwino, osati jasi la mwamuna wakolo. Ubwerenso ndi mazira aja.”

“Kuli chiyani, agogo?”

“Ukadziwa lero, Lachisanu udzadziwa chiyani?”

Kanjiwa sanamuuze mwamuna wake. Anaopa kuti akachitchula chinthucho, chiuluka. Lachisanulo anavala diresi lomwe anavala pa chinkhoswe chawo, anapinda makatani bwinobwino, n'kukwera masitepe aja. Pa sitepe yomaliza anaima monga mwa chizolowezi. Kunali zii. Anagogoda. Zii. Anagwira chogwirira, ndipo chitseko chinatseguka chokha.

“Agogo?”

Dzuwa la m'mawa linali litadzaza pabalaza. Pampando panali chikwama cha agogowo cha m'manja ndi chipewa chawo chopitira kokayenda. Ndipo chitseko chobiriwira chinali chotsegula.

Kanjiwa anayenda monyang'ama. Chipindacho chinali chaching'ono. Zinthu za mwana uja, mabuku, nsapato, kagalasi kodziyang'anira, zinali zitaikidwa m'makatoni pakona. Pansi panali posesedwa. Bedi linali loyalidwa nsalu zoyera mbali imodzi, mbali inayo nsalu ikulendewera. Pakati pa bedi ndi khoma panagona agogo aja, atavala diresi labuluu lomwe Kanjiwa anawabwezera. Mbali imodzi ya nkhope yawo inali itagwa. Malovu ankatsika pa tsaya. Koma maso anali otsegula, ndipo anali pa iye.

Makatani anagwa m'manja mwa Kanjiwa.

M'nyumbamo munalibe phokoso lililonse, kupatula kupuma kwa agogowo, kokoka ngati chingwe chomwe chatsala pang'ono kuduka. Pa masitepe Kanjiwa sanakumane ndi munthu. Palibe ankadziwa kuti wabwera, ngakhale mwamuna wake. Kumbuyo kwake kunali zenera lija, ndi kuwala konga uchi pa matabwa, pamalo penipeni pomwe makina ake anayenera kukhala. Sankafunika kuchita kanthu kalikonse. Ankangofunika kutseka chitseko, kutsika masitepe, kukayendayenda pansi pa nsanja ya wotchi, n'kubweranso madzulo.

Maganizo amenewa anafika onse athunthu, ngati mlendo amene wakhala akudikira pakhomo kuyambira kale. Ndipo agogowo anawaona akulowa. Maso akuthwa aja sanapemphe, sanaope. Anangomuyang'ana, monga ankayang'anira anthu pakawindo ka matikiti, kudikira kuti munthu anene kumene akupita.

Kanjiwa anatulutsa foni. Anaimba nambala ya ambulansi. Munthu atayankha, chinenero chonse chomwe anaphunzira chinathawa m'mutu. Anakuwa mawu omwe anatsala: mayi, wagwa, wotchi yosayenda, pamwamba, fulumirani. Kenako anakhala pansi, anaika mutu wa agogowo pa miyendo yake, anawapukuta malovu ndi diresi lake la chinkhoswe, n'kuyamba kung'ung'udza kanyimbo kake kosokera, chifukwa sankadziwa pemphero lililonse m'chinenero chawo.

Anthu a ambulansi anawatsitsa pa masitepe atawamangirira pa mpando.

Agogowo sanafe. Madokotala anati anafika nawo nthawi yabwino. Koma mawu anapita, dzanja lamanja linapita, ndipo akafunsidwa funso ankagwedeza mutu mbali iliyonse. Kanjiwa anathamangira ku ofesi ya alendo. Anafotokoza za chipinda chosesedwa, za makatoni, za chipewa pampando.

“Ankabwera kuno, mayi! Anali atavala kale!”

Mayi wa pa ofesi uja anamumvetsera mpaka kumapeto, ndipo ankaoneka kuti akumva chisoni.

“Ndikukukhulupirirani. Koma chipinda chosesedwa si mawu. Tikufuna mawu awo.”

Kenako kunatulukira mwana wa mlongo wawo wa agogowo, bambo yemwe sanaonekepo nthawi yonse ya matenda. Khoti linamupatsa udindo woyang'anira zinthu zawo. Anamva nkhani yonse ataima pakhomo, n'kunena kuti sangalole anthu ogula imfa ya azakhali ake kugona pabedi la msuweni wake. Anasintha loko. Ejenti anafotokoza kuti pangano silinasinthe: kaya ali kuchipatala, kaya kwina, nyumba ndi yawo mpaka atapuma komaliza.

“Koma tsopano sipatenga nthawi,” anawonjezera, akukankhira mbale ya maswiti kwa iwo.

Agogowo anawapititsa kunyumba ya okalamba yapafupi, yomwe ija mwamuna wa Kanjiwa ankagwirako ntchito.

Tsiku lonyamuka, mtengo uja unali utavala masamba. Pabwalo la ndege anakhala pa benchi. Sutikesi inali yopepuka kusiyana ndi pobwera. Atamva kuitana kwa ndege, mwamunayo anamugwira dzanja.

“Kanjiwa, tsiku lija, ukanangochedwa pang'ono...”

“Malizani.”

 Misozi inatsikira m'ndevu zake.

“Malizani, Adokotala. Inu amene munawaphikira.”

Sanamalize. Kanjiwa anaika chipumi chake pa chipumi cha mwamunayo kwa kanthawi, kenako ananyamula sutikesi.

Mkulu wake anamulandira osanena za nkhuku kapena za mkuyu. Anamupatsa chipinda cha ana ndi pakona ya khonde, pomwe Kanjiwa anaikapo makina obwereka n'kuyamba kusoka mayunifolomu a sukulu. Anthu akamufunsa za kunja, ankati kumazizira. Kanyimbo kaja sankakang'ung'udzanso. Foni ankaiika pambali pa makina, ndipo ikalira, phazi lake linkaima lokha pa chopondera.

Lamlungu masana inalira. Anali mwamuna wake, atavala zoyera, ali m'kachipinda ka makoma otuwa.

“Pali munthu akufuna akuone,” anatero, n'kutembenuza foni pang'onopang'ono.

Agogo aja anali pa njinga ya olumala, atafunda bulangeti m'miyendo. Kumbuyo kwawo kunali kawindo kakang'ono koyang'ana ku khoma la nyumba ina, ndipo pa kawindoko panali makatani achikasu. Anali aatali kwambiri, moti theka lake linaunjikana pansi. Agogowo anali atakokera mphepete mwake pa miyendo, ndipo chala cha dzanja lamanzere chinkayenda pa timbalame tija, kamodzikamodzi. Anayang'ana mu foni ndi maso omwe aja.

“Mwaswera bwanji, agogo?” Kanjiwa anafunsa m'chinenero chawo. “Mazira akuwasamala?”

Mbali yamoyo ya pakamwa pawo inagwedera pang'ono.

Foni inabwerera kwa mwamunayo. Pansi pa maso pake panali patada.

“Lero adya bwino,” anatero. “Mbale yonse. Adokotala enieni akuti mtima wawo ndi wolimba, atha kukhala zaka.”

“Tithokoze Mulungu,” Kanjiwa anatero.

Aliyense anayang'ana nkhope ya mnzake pa kagalasi ka foni. Kenako belu linalira kumbali ya mwamunayo, ndipo anati akuitanidwa. Kanjiwa anaika foni pamalo pake, pambali pa makina, mawu ake atakwezedwa mpaka kumapeto. Anakoka kolala ya yunifolomu pansi pa singano, n'kuponda.